Za Mphatso ndi Mtengo Wolungama Pakati pa Maiko

Mwezi uno tifuna kuika mlandu pamaso panu, kuti muuweruze nokha monga mucitira pabwalo la mfumu. Mlanduwu ngwa maiko akuru a tsidya la nyanja, koma mizu yace yafika m'minda mwathu momwe. Tiyambe ndi fanizo. Tiyese kuti m'mudzi mwanu mufika munthu wolemera wogula thonje, ndipo sikelo yace njonyenga, kotero kuti pa thumba liri lonse adyapo makilogalamu awiri kapena atatu a mwini munda. Koma pofika mwezi wa February, nkhokwe zitatha, munthu yemweyo atumiza matumba a cimanga kwa mfumu, nati, Gawirani amasiye ndi okalamba. Akazi aliza nthungululu, ndi akuru aomba m'manja. Tsono munthu ameneyu timuche wacifundo kapena wakuba? Ndipo cimanga cija tiziti mphatso, kapena ndi thukuta lathu lomwe lotibwerera pa khomo lina?

M'mudzi mlandu wotere sucedwa kutha. Nkhalamba ya pabwalo idzati, Ayambe wakonza sikelo yace, pamenepo tidzaona ngati cifundo cace catsala. Koma pakati pa maiko mlanduwu ubvuta, cifukwa sikelo ya maiko siioneka ndi maso. Iyo ipangidwa ndi malamulo, misonkho ya pa malire, ngongole, ndi mapangano olembedwa ku Geneva ndi ku Washington, m'cinenero cimene mlimi sacimva. Mlimi angoona kuti caka cino mtengo watsika, nayesa kuti ndi tsoka cabe. Komatu alipo anthu ena a ku Ulaya amene anaipenyetsa sikeloyi, nanena poyera kuti njokhota. Anthuwo ndiwo a zipani zochedwa Social Democrat, ndipo tiyenera kudziwa maganizo ao, ndi kuwayesa ngati ali oona.

Ciphunzitso cao cinabadwira m'umphawi. Dziko la Sweden, limene lero tiliyesa lolemera, kale linali losauka, kotero kuti pakati pa 1850 ndi 1930 anthu oposa miliyoni imodzi analisiya kunka ku America kukafuna nchito, monga makolo athu ankapita ku Joni ndi ku Halale. Otsalawo anagwira nchito m'migodi, m'nkhalango ndi m'mafakitale pa malipiro ocepa, ndipo wosauka akadwala kapena kukalamba anadalira kukoma mtima kwa olemera. Pamenepo anchito anatsimikiza mtima kuti sadzapemphanso, koma adzafuna gawo lao. Anamanga mabungwe a anchito ndi masitolo a onse pamodzi, namanganso cipani, cimene cinalowa m'boma mwa cisankho m'caka ca 1932, nicilamulira pafupifupi kosalekeza kufikira 1976. Sanalande mafakitale ndi minda kwa eni ace monga kunacitikira ku Russia. Malonda anawaleka ayende, koma anawamangira mpanda wa malamulo. M'caka ca 1938, pa mudzi wa Saltsjöbaden, mabungwe a anchito ndi a olemba nchito anapangana za njira yokambirana malipiro ndi yothetsera ndeu. Ndi misonkho, imene wolemera anapereka yambiri ndi wosauka yocepa, anamanga masukulu ndi zipatala, nakuza ndalama yosungira okalamba. Cimene kale cinali mphatso cinasanduka mangawa a dziko kwa munthu ali yense. Kusiyana kwace nkwakukuru, pakuti wolandira mphatso agwada, koma wolandira zace aimirira.

Pomwepo panabuka funso lina: kodi cilungamo cotere cilekeza pa malire a dziko? Ngati nkoipa kuti mwini fakitale wa ku Stockholm alemere ndi njala ya wanchito wace, kukoma bwanji kuti a ku Ulaya amwe khofi wochipa ndi njala ya mlimi wa ku Afrika? Munthu amene anagwira funsoli kolimba ndiye Willy Brandt wa ku Germany. Iye anadziwa kuwawa kwa ulendo, pakuti m'caka ca 1933 anathawa Hitler ali mnyamata, nakhala mlendo ku Norway ndi ku Sweden. Pambuyo pace anatsogolera boma la West Germany kuyambira 1969 kufikira 1974. Ndipo m'caka ca 1970 anagwada pansi ku Warsaw, pa cikumbutso ca Ayuda ophedwa ndi anthu a mtundu wace, kuti onse aone kuti mtsogoleri wa dziko lamphamvu akhoza kubvomera kulakwa. M'caka ca 1977 anasonkhanitsa akuru a maiko olemera ndi osauka, mwa iwo Olof Palme wa ku Sweden, Edward Heath wa ku Britain ndi Amir Jamal wa ku Tanzania, kuti afufuze magwero a umphawi wa maiko. Ndipo mau ao anaturuka m'caka ca 1980.

Mitu ya mau aowo inali iyi. Poyamba, mitengo ya zinthu zimene maiko osauka agulitsa, monga khofi, thonje, shuga ndi mkuwa, isamakwera ndi kugwa ngati madzi a mtsinje m'dzinja, koma ichinjirizidwe ndi mapangano ndi thumba la ndalama la maiko onse. Caciwiri, maiko olemera atsegule misika yao, osati kwa mbeu zosakonza zokha iai, komanso kwa nsaru, nsapato ndi zina zopangidwa m'maiko osauka. Cacitatu, akwanitse lonjezo lopangidwa ku United Nations m'caka ca 1970, lakuti pa ndalama 1,000 ziri zonse zimene dziko lipata pa caka, 7 zipite kukatukula maiko osauka. Cacinai, ndalama zotayidwa pa zida za nkhondo zicepe, ndipo osauka akhale ndi mau m'mabwalo olamulira za ndalama ndi ngongole. Cifukwa cimene anapereka sicinali cifundo cokha. Anaonetsa kuti wosauka sagula katundu wa wolemera, ndi kuti dziko la njala libala nkhondo ndi anthu othawa, amene tsiku lina adzagogoda pa khomo la wokhuta. Makolo athu anazinena kale mwacidule, kuti mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Anthu a ciphunzitso ici ananenanso kuti macitidwe a dziko kunja ayesedwe ndi muyeso womwewo umene liyesa nao za kwao. Cifukwa cace Sweden, m'masiku a Palme, anathandiza FRELIMO wa ku Mozambique ndi ANC wa ku South Africa ndi zakudya, mankhwala ndi maphunziro, pamene maboma ena akuru a Azungu analikugulana malonda ndi opondereza aja.

Nanga mau a Brandt anatha bwanji? M'mwezi wa October 1981 atsogoleri ndi nthumwi za maiko 22 anakomana ku Cancún, m'dziko la Mexico, kukambirana zimenezi. Julius Nyerere analipo, ndi Indira Gandhi yemwe. Koma Ronald Reagan wa ku America ndi Margaret Thatcher wa ku Britain anali a ciphunzitso cina, cakuti msika ukaulekerera udzakonza zonse wokha. Ndipo msonkhano unabalalika popanda pangano lomanga munthu. Zaka zotsatapo zinali za ngongole. Maiko ambiri a m'Afrika, ndi Malawi yemwe kuyambira 1981, anakongola kwa World Bank ndi IMF, ndipo okongozawo anaika malamulo ao: boma licotse dzanja lace pa mitengo ya mbeu, litsegule malire, lileke kucepetsa mtengo wa fetereza. Ena a malamulowo anali ndi nzeru, pakuti mabungwe a boma ogula mbeu naonso analikudyera alimi masuku pamutu. Koma taonani cimene cinacitika ndi thonje, kuti mudziwe ngati lamulo linali limodzi kwa onse.

Ku America, poyamba pa zaka za 2000, kunali alimi a thonje monga 25,000, eni minda yaikuru yolimidwa ndi makina. Bungwe la Oxfam linawerengera kuti m'nyengo ya 2001 kufikira 2002 boma lao linawapatsa madola oposa mabiliyoni 3, ndizo ndalama zopambana mtengo wa thonje lonse limene anakolola. Macitidwe ace ndi awa. Mtengo ukagwa, mlimi wamba acepetsa munda wace. Koma iye wolipidwa ndi boma abzalabe, pakuti cimene ataya pa msika boma limbwezera. Thonje lace lidzaza misika ya maiko onse, ndipo mtengo ugweratu. Pamenepo mlimi wa ku Mali kapena ku Benin, wolima ndi khasu ndi ng'ombe, amene thonje lace liri labwino ndi lolimidwa pa ndalama zocepa, alandira zosakwanira kubweza ngongole ya mankhwala opopera. Anthu monga mamiliyoni 10 a kumadzulo ndi pakati pa Afrika anadalira mbeu imeneyi. Ndipo popeza mtengo wa thonje utsata msika umodzi wa dziko lonse lapansi, kugwa kwace kufikanso kwa alimi a ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima. Wosauka anauzidwa kuti thandizo la boma liononga msika, pamene wolemera analikudzipatsa thandizo lomwelo mowirikiza.

M'caka ca 2003 maiko anai, ndiwo Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anapita ndi dandaulo lao ku bungwe la malonda a maiko lochedwa WTO. Sanapite kukapempha cimanga. Anafuna kuti sikelo ikonzedwe. Msonkhano unacitikira ku Cancún komwe kuja, ndipo naonso unabalalika popanda coturukapo. Koma Brazil, dziko lalikuru lolimanso thonje, anali atasuma kale m'caka ca 2002. Ndipo oweruza a WTO anapeza America wolakwa m'caka ca 2004, natsimikizanso m'caka ca 2005. Brazil ataloledwa kubwezera ndi misonkho pa katundu wa America, pamenepo America anabvomera m'caka ca 2010 kulipira madola mamiliyoni 147 caka ndi caka, ndipo m'caka ca 2014 anatseka mlandu ndi mamiliyoni 300. Ndalamazo zinalipidwa kwa Brazil, amene anali ndi ndodo yoopsa nayo. Benin ndi Chad, amene anaima pambali pace m'mlandu womwewo, analibe ndodo. M'caka ca 2015 ku Nairobi maiko anapangana kuti maboma aleke kulipirira mbeu zogulitsa kunja, ndipo ici cinali cabwino. Koma thandizo lina, loperekedwa kwa alimi m'kati mwa dziko, linatsala. Ndipo m'mwezi wa December 2019 bwalo lalikuru la apilo la WTO linaleka kumva milandu yatsopano, cifukwa America anakana kuti aikidwe oweruza ena. Bwalo limene wamphamvu akhoza kulitseka tsiku limene afuna, wofooka adzalidalira bwanji?

Tsono tiyang'ane mphatso. Tisainyoze, tingakhale anthu osayamika. Katemera wa ana, mankhwala otalikitsa moyo wa odwala HIV, ndi cimanga ca m'zaka za njala, zapulumutsa anthu ambiri amene tiwadziwa ndi maina ao omwe. Sweden, Netherlands, Norway ndi Denmark anakwanitsa lonjezo lija la 7 pa 1,000 zisanathe zaka za 1970, koma maiko olemera ambiri sanalikwanitse konse. Britain analifikira m'caka ca 2013, nalilemba m'lamulo m'caka ca 2015, koma m'caka ca 2021 anatsitsa kufikira 5. Ndipo m'caka ca 2025 boma la cipani ca Labour, cimene ciri ca banja limodzi ndi cipani ca Brandt, linalengeza kuti lidzatsitsanso kufikira 3, kuti ndalamazo zinke kwa asilikari. M'caka comweco America anatseka USAID, bungwe lace lothandiza maiko, ndipo anchito ambiri a zaumoyo m'Afrika anaimitsidwa nchito mwadzidzidzi. Izi tizinena kuti tisabise kanthu: ngakhale eni ciphunzitso sacisunga masiku onse. Mphatso ikhala m'dzanja la mwini wace, ndipo tsiku limene mtima wace utembenuka, wolandira alibe bwalo lokasumako. Koma mtengo wa thonje lanu ngwanu, ndipo wokulandani ali ndi mlandu.

Wina adzati, Mtengo uli ngati mvula, palibe munthu aulamulira. Zinthu zikacuruka utsika, zikacepa ukwera. Nanga mlandu ngwa yani? Mau awa ali ndi coonadi cace. Mapangano ogwira mitengo abvuta kuwasunga: la khofi, loyamba m'caka ca 1962, linaleka kugwira mtengo m'caka ca 1989, maiko atalephera kumvana, ndipo khofi anagwa mtengo koopsa. Palibenso lamulo lingakakamize munthu kugula cimene sacifuna. Koma thonje la America silinacuruke ndi mvula yokha. Linacuruka ndi lamulo lopangidwa ndi anthu m'nyumba ya malamulo, ndipo copangidwa ndi anthu cikhoza kuweruzidwa. Wina adzatinso, Mlimi wa ku Texas ndi munthunso, ndipo boma lace liyenera kumsamala. Inde, nzoona, nafenso m'caka ca 2005 boma lathu linayambanso kucepetsa mtengo wa fetereza kwa alimi, ndipo sitinaciyese colakwa. Kusamala ana ako sikulakwa. Kulakwa ndiko kuwacinjiriza mvula polozetsa madzi a padenga pako m'nyumba ya mnansi, ndi kumletsanso iye kukumba ngalande. Boma likhoza kuthandiza banja la mlimi wosauka ndi sukulu, cipatala ndi ndalama zina, osamlipira pa thumba liri lonse limene aponya pa msika wodzala kale.

Poona kuti maboma acedwa, anthu wamba ena anayesa kukonza sikelo yaing'ono ndi manja ao. M'caka ca 1988 ku Netherlands, Frans van der Hoff, wansembe wokhala pakati pa alimi a khofi a ku Oaxaca m'dziko la Mexico, pamodzi ndi mnzace Nico Roozen, anayambitsa cizindikiro cochedwa Max Havelaar. Ndipo m'caka ca 1997 zizindikiro zotere za maiko osiyana zinalowa m'bungwe limodzi, ndilo Fairtrade. Wogula aona cizindikiro pa paketi, nadziwa kuti pa mbeu zambiri paikidwa mtengo umene wogula kwa alimi saloledwa kutsika pansi pace, ndi kuti pali ndalama yoonjezera, imene alimi eni ace apangana pamsonkhano cocita nayo. Kwathu kuno alimi a nzimbe a ku Kasinthula, m'boma la Chikwawa, anakumbitsa nayo mijigo ya madzi abwino, ndipo alimi ena a tiyi a ku Mulanje ndi ku Thyolo analowamonso. Koma tisadzinyenge. Kawirikawiri gawo lokha la zokolola ligulidwa pa mtengo umenewo, ndipo zonse zidalirabe mtima wa wogula wa ku London kapena ku Amsterdam. Phindu lace lalikuru ndilo umboni wakuti malonda akhoza kuyenda osafinya mlimi. Koma cizindikiro ca pa paketi sicingalowe m'malo mwa lamulo lomanga onse.

Tsopano mlandu utembenukira kwa ife, pakuti sikukoma kuona kukhota kwa sikelo ya ku Geneva ndi kusaona ya pa msika wathu. Alipo mavenda ogula soya ndi cimanga ndi ndowa yofutukuka, m'mwezi wa April, podziwa kuti mlimi alibe ngakhale ya sopo. Alipo eni minda ya fodya owerengera anchito ao cakudya pa mtengo wokwera, kuti pakutha pa caka asatsale ndi kanthu. M'caka ca 2013 kunaululika kuti ndalama zambiri za boma zabedwa ku Lilongwe, pa mlandu wochedwa Cashgate, ndipo maiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankapereka ku thumba la boma. Mbavazo zinaba ndalama za anthu onse, nizipatsanso olemera cifukwa cotsekera makutu ao. Ndipo inu eni, owerenga, amene muli ndi nkhokwe yodzala: mnansi wanu akadza kudzafuna ganyu m'mwezi wa January, atasiya munda wace wosapalira, mumpatsa ciani pa ndime yace? Mumlipira monga mwa nchito yace, kapena monga mwa njala yace? Iye amene apatsa waganyu kambale ka gaga, cifukwa adziwa kuti sangakane, acita m'munda mwace comwe tidandaula naco pa maiko akuru.

Tiphunzirenso ici. Anchito a ku Sweden sanalandire gawo lao cifukwa olemera anadzuka m'mawa ndi mtima wofewa. Analandira cifukwa anasonkhana, nalimbika zaka zambiri. Maiko anai a thonje aja anali ang'ono ndi osauka, koma popeza analankhula ndi pakamwa pamodzi, dandaulo lao linamveka m'maiko onse, ndipo thonje linalembedwa pa lokha m'zokambirana za WTO. Mutu umodzi susenza denga. Alimi a mudzi umodzi akagulitsa pamodzi, nakhala ndi sikelo yao ya bungwe yoyesera katundu asanafike kwa wogula, nafunsa phungu wao za mapangano amene boma lisaina ndi maiko ena, ayamba kucita pa msinkhu wao cimene Brandt anafuna kuti maiko acite pa msinkhu wao.

Tibwerere tsono ku bwalo kuja. Kuweruza kwathu ndi uku: cifundo ncabwino, koma cidza pambuyo pa cilungamo, ndipo sicingalipire mangawa ace. Wogula thonje uja ayambe wakonza sikelo ndi kubweza zimene anadya. Cimene adzapereka pamwamba pa izo ndico mphatso, ndipo tidzamyamika ndi mtima wonse. Momwemonso dziko lolemera lofuna kuchedwa bwenzi liyambe lasunga lamulo lomwelo limene liikira anzace, libvomere bwalo lokhoza kuliweruza, ligule pa mtengo wakuti mlimi adye ndi kuphunzitsa ana ace. Pamenepo thandizo lace lidzakhala lopanda manyazi kwa wopatsa ndi kwa wolandira yemwe. Mau a Brandt ndi anzace sanakwanitsidwe, koma kusamvedwa kwa mau sikuwasandutsa bodza, ndipo mlandu suola. Inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhaniyi madzulo, nimukambirane ngati taweruza bwino. Ndipo nyengo yogulitsa mbeu ikafika, kapena waganyu akaima pakhomo panu, mukumbukire sikelo ija.